Puloteni mu mkodzo wa munthu wa shuga: dipstick ikuti palibe, ACR ikuti ilipo

Wachisamba

Moni nonse. Ndithandizeni kumvetsa zotsatira za bambo anga. Ali ndi zaka 58, anawapeza ndi shuga wa mtundu wachiwiri zaka 9 zapitazo, ndipo amamwa metformin. Mkodzo wawo atauyeza ndi dipstick, kapepala koviika kaja, sikanaonetse puloteni. Koma mkodzo womwewo utapita ku labotale, ACR, muyeso wina wa puloteni mu mkodzo, yatuluka 84 mg/g, ndipo alembapo kuti yakwera. eGFR, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, ndi 78, BP 148/92, ndipo HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi itatu yapitayi, ndi 8.4. Iwo sakumva kupweteka paliponse, miyendo sinatupe, akukodza bwinobwino. Adokotala akuti akayezetsenso, ndipo mwina awayambitsa mankhwala a BP otchedwa enalapril.

Tikhulupirire chiti pa ziwirizi? Kodi 84 ndiye kuti impso zayamba kufa? Nanga mankhwala a BP akukhudzana bwanji ndi mkodzo? Ndipo poti puloteni ikutayika, aziwonjezera kudya zomanga thupi kapena achepetse?

Wa ku Labotale

M'bale wathu, palibe chimene chanama pa ziwirizo. Kungoti dipstick ili ndi malire ake. Kapepala wamba kamasintha mtundu mooneka bwino, pamene timalemba kuti 1+, puloteni yotchedwa albumin ikafika pafupifupi 300 mg pa lita imodzi ya mkodzo. Munthu amene ACR yake ndi 84 amataya albumin yokwana mwina 100 mg tsiku lonse lathunthu. Imeneyi ikasungunuka m'lita imodzi ndi theka ya mkodzo, kapepala sikangaione. Choncho kwa munthu wa shuga, dipstick ikati palibe, musapume kaye. Pofika nthawi imene imayamba kuonetsa, vuto limakhala litayenda kale zaka zingapo.

ACR imayeza zinthu ziwiri mu mkodzo umodzi: albumin, yomwe ndi puloteni yochuluka kwambiri m'magazi, ndi creatinine, yomwe ndi zinyalala zochokera m'minofu. Kenako timagawa yoyamba ndi yachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti mkodzo umasintha: mukamwa madzi ambiri umasukuluka, mukakhala ndi ludzu umakhala wa mphamvu. Creatinine imatuluka pafupifupi mulingo womwewo tsiku ndi tsiku, ndiye ikakhala pansi pa chiwerengerocho, kuchuluka kwa madzi sikusokonezanso yankho.

Malire ake ali motere. Pansi pa 30 mg/g ndi bwino, timati A1. Kuyambira 30 mpaka 300 ndi A2, yakwera pakatikati, ndipo ndi imene mabuku akale ankaitcha microalbuminuria. Kupitirira 300 ndi A3, yakwera kwambiri. Bambo ali mu A2, ndipo ali chakumunsi kwake. Chenjerani ndi zilembo zimene zili kutsogolo kwa nambala: malabotale ena amalemba mg/mmol, ndipo kumeneko malire ndi 3 ndi 30. Munthu amene pepala lake likuti 40 mg/mmol ali mu A3, pamene wa 40 mg/g wangolowa kumene mu A2. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa akasintha labotale.

Tsono adokotala alondola kuti akayezetsenso. Albumin mu mkodzo imakwera ndi kutsika kwambiri ngakhale mwa munthu yemweyo, moti yankho limodzi silokwanira kutchula matenda. Lamulo lake ndi lakuti pa maulendo 3 oyeza mkati mwa miyezi 3 mpaka 6, awiri akhale okwera. Ndipo pali zinthu zimene zimaikweza kwa kanthawi impso zili bwinobwino: kutentha thupi, matenda a m'chikhodzodzo kapena njira ya mkodzo, ntchito yolemetsa kapena kuthamanga kwambiri m'maola 24 apitawo, shuga kapena BP zikakwera mopitirira pa tsikulo, mtima ukamalephera kupopa bwino, ndiponso kwa amayi, msambo. Chimodzi mwa izi chikakhalapo, dikirani chithe, ndiye mukayezetse.

Katengedwe kake: mkodzo wabwino ndi woyamba wa m'mawa, munthu atangodzuka asanayendeyende, chifukwa kuimirira ndi kuyenda kumawonjezera albumin mwa anthu ena. Ayambe kukodza pang'ono m'chimbudzi, atape wa pakati m'kabotolo kamene apatsidwa, atseke, alembe dzina ndi tsiku. Theka la kabotolo ndi lokwana. Ngati sangaupereke m'maola ochepa, ukhale mu fuliji. Kusonkhanitsa mkodzo wa maola 24 sikufunikanso kwa anthu ambiri, ndipo kawirikawiri kumalakwika chifukwa munthu amaiwala ulendo umodzi.

Za thovu, poti ambiri amadalira limenelo: thovu la puloteni limakhala la tinthovu ting'onoting'ono tothinana, ndipo silitha msanga ngakhale padutse mphindi zingapo. Koma limabwera puloteni ikachuluka kwambiri. Pa 84 simungalione. Komanso mkodzo wotuluka mwamphamvu kapena sopo wa m'chimbudzi zimachititsa thovu mwa munthu wabwinobwino.

Dokotala wa Impso

Ndiyankhe funso lanu lachiwiri poyamba, chifukwa ndi limene likukusowetsani mtendere. Ayi, impso za bambo sizikufa. eGFR ya 78 ikusonyeza kuti zikusefabe magazi mokwanira. Chimene 84 ikunena, ngati itatsimikizika, n'chakuti timasefa ta mkati tayamba kudontha. Pa msinkhu umenewu ndi pamene mankhwala amagwira ntchito kwambiri, ndipo mwa anthu ena ACR imabwerera pansi pa 30. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuipeza pano, munthu asakumva chilichonse, ndi mwayi.

Mkati mwake mumachitika izi. Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Kasefa kalikonse ndi kampukutu ka timitsempha, ndipo kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Impso ziwirizi zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi patsiku, n'kubweza pafupifupi onse m'magazi. Albumin ndi yaikulu, sifunika kudutsa. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri, kamtsempha kolowetsa kamatakasuka, pamene kotulutsa kamafinyika chifukwa cha mphamvu ya angiotensin II, homoni yofinya mitsempha ya magazi. Zili ngati kutsegula mpopi kwambiri kwinaku mwatsina paipi kumapeto: mphamvu yonse imathera pa khoma la paipiyo. Khoma la kasefa limakhuthala koma limafooka, maselo ogwira khomalo otchedwa podocyte amayamba kusomphoka, ndipo albumin imapeza podutsa. Choipa china n'chakuti albumin yodutsayo imawononganso timachubu ta kutsogolo, n'kusiya zipsera. Kasefa kamodzi kakafa, totsalato timasenza ntchito yambiri, nato n'kumawonongeka msanga. Zipsera zozungulira za m'timasefa ta anthu a shuga anazifotokoza Paul Kimmelstiel ndi Clifford Wilson mu 1936. Mwa anthu 100 a shuga, pakati pa 20 ndi 40 amadzakhala ndi vuto la impso.

Apa ndiye pamene enalapril amalowera. Iye ndi anzake, monga lisinopril, amaletsa thupi kupanga angiotensin II. Losartan ndi gulu lake amatseka pamene angiotensin II amagwira. Mapeto ake ndi amodzi: kamtsempha kotulutsa kamamasuka, mphamvu ya magazi mkati mwa kasefa imatsika, kudontha kumachepa. Ndiye si a BP okha. Amlodipine amatsitsa BP bwino, koma sateteza kasefa mwa njira imeneyi. Umboni wake ndi wakale: kafukufuku wa captopril, mnzake wa enalapril, wa 1993 pa shuga wa mtundu woyamba, ndi akafukufuku otchedwa RENAAL ndi IDNT a 2001 pa mtundu wachiwiri.

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kusiya munthu pa mulingo woyambira. Enalapril amayamba pa 5 mg, koma amakwezedwa pang'onopang'ono kufika 20 mg kapena kupitirira patsiku ngati thupi likulola. Losartan amayamba pa 50 mg kupita ku 100 mg. Chitetezo cha impso chimene chinaoneka m'kafukufuku chinali pa milingo yokwerayo. BP imene tikufuna kwa bambo ndi yotsika kuposa 130/80, ndipo 148/92 ili patali ndithu. Koma enalapril ndi losartan asamwere limodzi. Kuphatikiza awiriwa sikuwonjezera phindu, kumangokweza potaziyamu, mtundu wa mchere wa m'magazi umene umaopsa ukachuluka, ndi kuika impso pa chiopsezo chofooka mwadzidzidzi.

Mzati wachiwiri woteteza impso masiku ano ndi gulu la mankhwala a shuga lotchedwa SGLT2 inhibitor: empagliflozin 10 mg, dapagliflozin 10 mg kapena canagliflozin 100 mg, kamodzi patsiku. Amaletsa impso kubweza shuga ndi mchere m'magazi, ndipo mchere wotsalawo ukafika kutsogolo kwa kachubu, impso imafinya pang'ono kamtsempha kolowetsa kaja. Ndiye enalapril akumasula potulukira, awa akuchepetsa polowera. Akafukufuku otchedwa CREDENCE mu 2019, DAPA-CKD mu 2020 ndi EMPA-KIDNEY mu 2022 anaonetsa kuti chiopsezo cha kuwonongeka kwa impso chimatsika ndi pakati pa 28 ndi 39 peresenti. Mankhwalawa amayambidwa eGFR ikakhala 20 kapena kupitirira. Bambo ali ndi HbA1c ya 8.4 pa metformin yekha, ndiye akufunika kale mankhwala achiwiri a shuga. Ine ndikanafunsa adokotala awo za gulu limeneli ulendo ukubwerawu, m'malo mowonjezera glibenclamide. ACR ikakhalabe yokwera pambuyo pa zonsezi, pali mankhwala ena: finerenone, amene amafuna eGFR ya 25 kupita m'mwamba ndi potaziyamu yosakwera, komanso semaglutide, amene kafukufuku wa FLOW wa 2024 anaonetsa kuti amatetezanso impso.

Za kudya: asawonjezere puloteni. Imene ikutayika pa 84 ndi gawo laling'ono la galamu imodzi patsiku, thupi silikuisowa. Kudya puloteni yambiri kumakweza mphamvu mkati mwa timasefa tomwe tikufuna kupumitsa. Komanso asaleke, angafooke. Mulingo wake ndi 0.8 g pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza 56 g patsiku kwa munthu wolemera 70 kg. Chimene chili ndi phindu lalikulu ndi kuchepetsa mchere: wosapitirira 5 g patsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya zogula. Mchere ukachuluka umafooketsa ntchito ya enalapril pa ACR.

Chimodzi chimene anthu sachiyembekezera: albumin mu mkodzo ndi chizindikiro cha mitsempha ya thupi lonse, osati ya impso yokha. Anthu ambiri a shuga amene ali ndi vutoli amakumana ndi matenda a mtima kapena sitiroko asanafike pa dayalisisi, kutsuka magazi ndi makina impso zikalephera. Choncho pa zaka 58 statin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, akufunika, ndipo ngati amasuta, fodya asiyiretu.

Wachisamba

Zikomo kwambiri nonse awiri, mtima wakhalako pansi. Pali chimodzi chimene chikundiopsa. Pa kapepala ka mkati mwa bokosi la enalapril alembapo kuti angathe kuwononga impso, ndipo ndamva kuti creatinine imakwera munthu akangoyamba. Nanga tikupereka bwanji mankhwala otere kwa munthu amene impso zake zili kale ndi vuto?

Wa ku Famase

A Wachisamba, funso limeneli ndi lofunika, chifukwa anthu ambiri amasiya mankhwalawa pa chifukwa chomwechi, nthawi zina mouzidwa ndi wachipatala amene wadzidzimuka ndi nambala.

N'zoona creatinine imakwera pang'ono. Mphamvu mkati mwa kasefa ikatsika, kusefa kumatsikanso pang'ono, ndipo creatinine ya m'magazi imaonetsa zimenezo. Kumeneku si kuwonongeka, ndi chizindikiro chakuti mankhwala afika pamene amafunika. Chofunika ndi kudziwa malire. Ayezetse creatinine ndi potaziyamu asanayambe, kenako pakati pa masabata 2 ndi 4 atayamba, ndiponso nthawi iliyonse mulingo ukakwezedwa. Creatinine ikakwera mosapitirira 30 peresenti, apitirize. Mwachitsanzo, ngati inali 1.0 mg/dL n'kufika 1.2, palibe chodetsa nkhawa. Ikadutsa 1.3, adokotala afufuze: kodi m'thupi mwachepa madzi, kodi akumwa mapiritsi okodzetsa ambiri, kodi akumwa ibuprofen, kapena mitsempha ikuluikulu yopita ku impso ndi yothina. Za potaziyamu, ikapitirira 5.5 mmol/L pamafunika kuchitapo kanthu, koma kawirikawiri timayamba ndi kuchotsa zina zimene zikuikweza tisanachepetse enalapril. Chimodzi mwa izo ndi mchere wa m'malo mwa mchere, uja amalemba kuti ndi wa anthu a BP. Wambiri mwa iwo ndi potassium chloride, ndipo kwa munthu wa pa enalapril ungakhale woopsa. SGLT2 inhibitor nayenso amatsitsa eGFR pang'ono m'masabata oyamba, kenako imakhazikika.

Chenjezo la pa kapepalako limagwira ntchito makamaka munthu akataya madzi. Tsiku limene bambo akutsegula m'mimba, akusanza, kapena akutentha thupi moti sakudya ndi kumwa, impso zimadalira angiotensin II yemweyo kuti zipitirize kusefa. Masiku oterowo aimitse enalapril, mapiritsi okodzetsa, metformin ndi SGLT2 inhibitor, azimwa madzi, ndipo ayambirenso akadya ndi kumwa bwino kwa maola 24 mpaka 48. Zikapitirira masiku awiri, apite kuchipatala. Insulini yokha ndi imene saimitsa payekha. Lembani zimenezi pa pepala, muike pamodzi ndi mankhwala, chifukwa tsiku lodwala palibe amene amazikumbukira.

Ibuprofen ndi diclofenac zichoke m'nyumba mwawo. Zimafinya kamtsempha kolowetsa mwa njira yoipa, ndipo zikakumana ndi enalapril ndi mapiritsi okodzetsa mwa munthu mmodzi, impso zingathe kuima m'masiku ochepa. Pa ululu wamba amwe paracetamol. Mankhwala aliwonse osadziwika zimene zilimo, amene amagulitsidwa kuti amatsuka impso, awapewe.

Enalapril amatsokomoletsa anthu ena, kutsokomola kouma kokanda pakhosi, makamaka usiku. Sikoopsa, koma kukavuta amangosinthira ku losartan. Choopsa ndi kutupa milomo, lilime kapena nkhope: pamenepo asiye nthawi yomweyo, athamangire kuchipatala. Kwa amayi amene akuwerenga: mankhwala a magulu awiriwa samwedwa ndi woyembekezera, amavulaza mwana m'mimba, ndiye uzani adokotala musanatenge pakati.

Pa SGLT2 inhibitor, shuga amatuluka mu mkodzo, ndiye dipstick izionetsa shuga nthawi zonse. Musadabwe. Shuga ameneyu amabweretsa kuyabwa kwa fangasi kumaliseche mwa ena, ndipo kutsuka ndi madzi ndi kuumitsa bwino kumathandiza. Aimitsidwe masiku 3 opaleshoni isanachitike. Munthu akamva nseru, kupweteka m'mimba ndi kupuma mothamanga, akayezedwe ketone, asidi woopsa akachuluka m'magazi, ngakhale makina a shuga akuonetsa nambala yabwino.

Metformin pa eGFR ya 78 alibe vuto. Amachepetsedwa kufika 1000 mg patsiku eGFR ikatsika pansi pa 45, ndipo amasiyidwa pansi pa 30.

Namwino wa Shuga

Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene akuluakulu anena. Bambo akapimitse maso, kuja amathira mankhwala otakasa mwana wa diso n'kuyang'ana kumbuyo kwake. Timitsempha ta m'maso ndi ta mu impso timawonongeka ndi shuga mofanana. Maso akaonetsa zizindikiro za shuga, zimalimbikitsa kuti albumin ya mu mkodzoyo ndi ya shuga. Akapanda kuonetsa, kwa munthu wa mtundu wachiwiri sizitsutsa kwenikweni, koma kwa wa mtundu woyamba zimatipangitsa kukayikira.

Ndikunena izi chifukwa si puloteni iliyonse mwa munthu wa shuga imene imachokera ku shuga. Ya shuga imakwera mwakachetechete, chaka ndi chaka. Mukaona magazi mu mkodzo, kapena ACR italumpha kuchoka pa 84 kufika m'masauzande m'miyezi yochepa, kapena thupi litatupa mwadzidzidzi kumaso ndi m'miyendo, kapena eGFR ikugwa ndi manambala oposa 5 pachaka mosalekeza, pamenepo pakufunika katswiri wa impso. Amayeza HIV, hepatitis B ndi C, amaunika impso ndi sikani, ndipo nthawi zina amatapa kachidutswa ka impso kukaona pa maikulosikopu. Akufunikanso katswiri munthu amene ACR yake yakhazikika pamwamba pa 300 ngakhale akumwa mankhwala, kapena eGFR yatsika pansi pa 30. Palinso anthu a shuga amene eGFR imatsika koma ACR ili bwino, n'chifukwa chake ziwirizi zimayezedwa limodzi. Wa mtundu wachiwiri amayamba kuyezedwa tsiku limene wapezeka ndi shuga, poti sitidziwa kuti wakhala naye zaka zingati. Wa mtundu woyamba amayamba pakatha zaka 5.

Pa shuga weniweniyo, kwa munthu wa msinkhu wa bambo HbA1c imene timafuna ndi pafupi ndi 7, koma aitsitse pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Ndipo dziwani ichi mudakali kutali nacho: impso ndi zimene zimachotsa gawo la insulini m'magazi. Zikafooka kwambiri, insulini ndi glibenclamide zimakhalitsa m'thupi, shuga n'kumatsika kwambiri, munthu n'kumaganiza kuti wachira. Shuga amene wayamba kutsika yekha popanda chifukwa mwa munthu wodwala zaka zambiri ndi chifukwa chokayezetsa creatinine, osati chokondwerera.

BP muziiyeza kunyumba ngati muli ndi makina. Akhale pampando mphindi 5 osalankhula, msana atatsamira, mapazi pansi, mkono pa tebulo mofanana ndi mtima, lamba wokwana mkono wawo. Yezani kawiri m'mawa asanamwe mankhwala, kawiri madzulo, kwa sabata imodzi tsiku lokaonana ndi adokotala lisanafike, ndipo mupite nalo kope limenelo.

Mmene ine ndikuonera, a Wachisamba, musadikire miyezi 6 yotsimikizira ACR kuti muyambe kuthana ndi BP. Ngati 148/92 ikubwerezabwereza, payokha ndi yokwanira kuyambira enalapril. Chimene mungapemphe n'chakuti mkodzo wachiwiri wa m'mawa utengedwe asanamwe piritsi loyamba, chifukwa akangoyamba, ACR itsika ndipo simudzadziwanso poyambira penipeni. Pakatha miyezi 3 ali pa mulingo wokhazikika, ayezenso ACR. Ikatsika ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa, mankhwala akugwira. Ikakana kutsika, yambani mwafunsa za mchere ndi za mapiritsi odumphidwa, kenako adokotala akweze mulingo. Kuchokera pamenepo, ACR, eGFR ndi potaziyamu ziziyezedwa kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo mapepala onse muziwasunga malo amodzi motsatana masiku ake.